Mafunso ndi mayankho pa za visa, ndalama ya chipatala ndi inshuwalansi kwa Amalawi okhala ku Britain

Chisinthireni malamulo a visa mu Julaye 2025, komiti yathu yoona za umoyo wa mamembala yakhala ikulandira mafunso amodzimodzi pa foni ndi pa WhatsApp, ndipo ena adandaula kuti timachedwa kuyankha kapena timayankha mozemba. Tinene poyambirira kuti ife ndife anthu ongodzipereka, ndipo lamulo la dziko lino sililola bungwe losalembetsedwa ku Immigration Advice Authority kupereka uphungu pa nkhani ya visa ya munthu payekha. Zimene zili pansipa ndi malamulo monga momwe amakhudzira aliyense, ndipo pa za chipatala tikunena makamaka za ku England.

Khadi langa la BRP linatha ntchito pa 31 Disembala 2024. Kodi visa yanga inathera pomwepo?

Ayi, linatha ndi khadi lokha, lija losonyeza chilolezo chanu chokhala m'dziko lino, chifukwa chilolezo chanu tsopano chimaoneka pa intaneti mu akaunti yanu ya UKVI, nthambi ya boma yoona za ma visa, ndipo mukatenga pasipoti yatsopano mulowetsemo nambala yake musanakwere ndege.

Ndalama ya IHS ndi ya chiyani, nanga yakwereranji chonchi?

Iyi ndi ndalama imene wopempha visa yoposa miyezi 6 amalipiriratu kuti azithandizidwa m'zipatala za boma za NHS mofanana ndi eni dziko. Inayamba mu Epulo 2015 pa mapaundi 200 pa chaka, inafika pa 400 mu 2019 ndi 624 mu 2020, ndipo kuyambira pa 6 Febuluwale 2024 munthu wamkulu amalipira mapaundi 1,035 pa chaka pomwe mwana kapena wophunzira amalipira 776. Chimene chimathyola anthu msana n'chakuti ya zaka zonse imafunika pakamodzi, moti bambo, mayi ndi ana awiri opempha visa ya zaka zitatu ayenera kupeza mapaundi 10,866 asanawerengere mtengo wa visa yeniyeniyo. Amene ali pa visa ya Health and Care Worker, ya ogwira ntchito zachipatala ndi zosamalira anthu, pamodzi ndi a pabanja pawo, salipira. Pempho likakanidwa ndalamayi imabwezedwa, koma mukangosankha kubwerera kumudzi visa isanathe, sibwezedwa. Ambiri amafunsa chifukwa chimene akulipirira kawiri pamene msonkho ndi National Insurance zikudulidwa kale pa malipiro awo. Funsolo ndi lomveka, koma mtengowu sitiika ndife, ndipo palibe kalata ya komiti imene ingauchepetse.

Ndikalipira IHS ndiye kuti zonse ndi zaulere?

Si zonse, chifukwa mano ndi magalasi a maso mumalipira, ndipo ku England mankhwala amene adokotala akulemberani anafika pa mapaundi 9.90 mtundu uliwonse mu Meyi 2024, pomwe ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland ndi aulere.

Kampani imene inandibweretsa yalandidwa laisensi, kapena yasiya kundipatsa maola. Kodi ndithamangitsidwa?

Ili ndiye funso limene likutisowetsa tulo, ndipo tikupempha kuti yankho lake muliwerenge lonse. Visa ya ntchito imamangiriridwa kwa bwana mmodzi, amene anakupatsani chikalata cha CoS, chosonyeza kuti wakulembani ntchito ndipo mukhoza kupempha nacho visa. Bwanayo akalandidwa laisensi yolembera antchito ochokera kunja, kapena akadziwitsa a Home Office, unduna woona za olowa ndi kutuluka m'dziko, kuti ntchito yanu yatha, nthawi zambiri a Home Office amafupikitsa visa yanu kuti itsale ndi masiku 60, kapena masiku amene inatsala nawo ngati ali ochepera pamenepo. Masikuwa sayamba tsiku limene mwamva mphekesera kuntchito, koma amatsatira kalata imene a Home Office akulemberani, ndipo kalatayo ikhoza kubwera pa imelo. Taonapo anthu amene anasintha nyumba kapena imelo osadziwitsa aliyense, n'kudzatulukira kuti masiku awo anatha kale. Mfundo yoti kalata simunaione ndi yovuta kuiikira kumbuyo ngati adiresi simunasinthe ndinu.

M'masiku amenewa muyenera kupeza bwana wina wokhala ndi laisensi, akupatseni CoS yatsopano, ndipo mutumize pempho la visa nthawi isanathe. Mukatumiza pempho loyenera tsiku lomaliza lisanafike, mumakhalabe m'dziko movomerezeka pamene mukudikira yankho, ngakhale litachedwa. Lonjezo la pakamwa loti CoS ikubwera sabata ya mawa silikutetezani, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Musayambenso ntchito kwa bwana watsopanoyo visa yatsopano isanavomerezedwe. Maganyu olandira ndalama pamanja, amene tikudziwa kuti ambiri amathawirako lendi ikawathina, ndi kuphwanya malamulo a visa, ndipo akhoza kudzakutsekerani khomo pa pempho lililonse la mtsogolo. Ntchito yoonjezera imaloledwa mpaka maola 20 pa sabata, koma pokhapokha ngati mukugwirabe ntchito ya bwana wa pa visa yanu, ndipo si ntchito iliyonse imene ili yololedwa.

Vutoli si la Amalawi okha. Boma la Britain linalengeza kuti pakati pa Julaye 2022 ndi Disembala 2024 linalanda malaisensi oposa 470 kwa makampani osamalira okalamba ndi odwala, ndipo antchito oposa 39,000 anakhudzidwa. Ku England kuli magulu a m'zigawo amene boma limawapatsa ndalama kuti azilumikiza antchito oterewa ndi mabwana ena, ndipo komiti ikhoza kukulozerani gulu la dera lanu. Sitikulonjeza kuti ntchito ipezeka, chifukwa ofuna ndi ambiri, ndipo mabwana ambiri osamalira anthu m'makomo amafuna munthu woyendetsa galimoto. Dziwaninso kuti pa visa imeneyi simuloledwa kulandira thandizo la boma monga Universal Credit kapena Child Benefit, ngakhale mutakhala opanda chakudya m'nyumba. Ngati muli ndi ana ndipo mwatsala pang'ono kugona panja, khonsolo ya dera lanu ili ndi udindo wounika za anawo mosayang'ana visa ya makolo, koma thandizo limene lingatuluke limadalira zimene iwo apeza.

Ndinalipira dobadoba ndalama zambiri kuti andipezere CoS. Kodi komiti ingandithandize kuti zibwezedwe?

Funso ili tinkafuna kulisiya, koma labwera kambirimbiri. Komiti ilibe mphamvu yolanda munthu ndalama, ndipo sitiloleza kuti maina a anthu azitchulidwa pa gulu lathu la WhatsApp popanda umboni, ngakhale ena akuti potero tikubisa akuba. Lamulo la Britain limaletsa makampani opezera anthu ntchito kulipiritsa wofuna ntchitoyo, ndipo bwana saloledwa kukankhira mtengo wa CoS kwa wantchito wake. Chovuta n'chakuti ndalama zambiri zinaperekedwa pamanja kapena zinadutsa mwa achibale kumudzi, zina zotengedwa pa katapila, popanda lisiti. Sungani mauthenga onse ndi zikalata za kubanki, ndipo muonane ndi loya kapena mlangizi wolembetsedwa musanapite kwina kulikonse, chifukwa momwe CoS yanu inapezekera zikhoza kukhudzanso visa yanu.

Kodi ndingaitanebe m'bale wanga kudzagwira ntchito yosamalira okalamba?

Kuyambira pa 22 Julaye 2025 khomo limeneli linatsekedwa kwa opempha ali kunja kwa Britain, ndipo amene ali kale kuno apatsidwa mpaka Julaye 2028 kuti aziwonjezera visa kapena kusintha bwana. Aliyense amene akutsatsa CoS ya ntchito imeneyi ku Lilongwe kapena ku Blantyre lero akugulitsa chinthu chimene sichingabale visa.

Nanga mkazi kapena mwamuna wanga ndi ana?

Amene analowa ntchito yosamalira okalamba kuyambira pa 11 Malichi 2024 saloledwa kubweretsa a pabanja pawo, pomwe amene anali kale pa visa imeneyi tsikulo lisanafike lamulo latsopanoli silinawakhudze. Anamwino ndi madokotala amaloledwabe. Mwana wobadwira kuno sakhala nzika ya Britain chifukwa chongobadwira kuno, pokhapokha mmodzi mwa makolo ake ali nzika kapena ali ndi chilolezo chokhazikika.

Amayi akubwera kudzaona mwana wakhanda. Kodi inshuwalansi ndi yofunikadi, poti ine ndinalipira IHS?

IHS yanu imathandiza inu nokha, ndipo mlendo wa visa ya miyezi 6 salipira IHS, choncho sali m'gulu la olandira chithandizo chonse mwaulere. Kuonana ndi GP, dokotala wa m'dera lanu, ndi kwaulere, ndipo chithandizo cha ku chipinda cha ngozi n'chaulerenso, koma amayi akangogonekedwa m'wodi kapena kuitanidwanso kuti akaonane ndi katswiri, bilu imayamba, ndipo ku England mlendo amalipiritsidwa 150 peresenti ya mtengo wa NHS. Chithandizo chopulumutsa moyo sachikaniza munthu chifukwa chosowa ndalama, koma ngongole imatsala. Ngongole ya mapaundi 500 kapena kuposerapo ikakhala miyezi iwiri osalipidwa, ndiponso popanda mgwirizano wolipira pang'onopang'ono, chipatala chimadziwitsa a Home Office, ndipo amayiwo akhoza kudzakanizidwa visa ulendo wina.

N'chifukwa chake timalimbikitsa kugula inshuwalansi ya paulendo asananyamuke. Sitingakutchulireni kampani, ndipo amene anatidzudzula pa mfundoyi amvetse kuti kampaniyo ikadzakana kulipira, mlandu udzagwera komiti. Yang'anani zinthu zitatu m'chikalatacho. Inshuwalansi zambiri zogulitsidwa kuno ndi za anthu okhala ku Britain okha, moti kugulira mlendo inshuwalansi yotere n'kutaya ndalama. Matenda amene munthu ali nawo kale, monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ayenera kutchulidwa pogula, apo ayi kampani imakana kulipira pa nthawi imene mukuifunitsitsa, ndipo makampani ena amakhala ndi malire a zaka za munthu. Chachitatu, onetsetsani kuti muli mawu onena za kubweza wodwala kapena thupi kumudzi. Tionjezerepo kuti mlendo saloledwa kugwira ntchito, ndipo pempho losonyeza ngati amayi akubwera kudzalera mwana kwa miyezi yambiri kuti inu mubwerere kuntchito likhoza kukanidwa.

Ndimamwa ma ARV. Kodi ndilipira, kapena andinenera ku Home Office?

Chithandizo cha HIV, chifuwa chachikulu ndi malungo n'chaulere kwa aliyense mosayang'ana visa, ndipo polembetsa kwa GP simukakamizidwa kuonetsa umboni wa visa kapena wa adiresi.

Kodi n'zoona kuti komiti imathandiza okhawo amene amadziwana ndi atsogoleri?

Si zoona. Mafunso timayankha motsatira momwe abwerera, kupatula ngati munthu ali m'kati mwa masiku 60 aja kapena wagonekedwa m'chipatala, ndipo onse a m'komiti amagwira ntchitoyi akaweruka ku mashifiti awo.

Laisensi yanga yoyendetsera galimoto ya ku Malawi ikugwira ntchito kuno?

Ikugwira kwa miyezi 12 kuchokera pamene munayamba kukhala kuno, ndipo pambuyo pake muyenera kutenga laisensi yophunzirira n'kukhoza mayeso a malamulo a pamsewu ndi a kuyendetsa. Anzathu okhala ndi malaisensi a ku South Africa ndi Zimbabwe amaloledwa kungosinthitsa, koma Malawi sali pa mndandanda umenewo. Mukapitiriza kuyendetsa ndi laisensi ya ku Malawi miyezi 12 itatha, inshuwalansi ya galimoto yanu ikhoza kukana kulipira pa ngozi, ndipo woyendetsa wopanda inshuwalansi amalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 300 n'kupatsidwa mapointi 6 a chilango pa laisensi yake, kapena kutengeredwa kukhoti.

Ndikufuna kukakhala kumudzi miyezi ingapo. Kodi zisokoneza chilolezo chokhazikika?

Pa njira yopezera chilolezochi mutakhala kuno zaka zisanu, simuyenera kukhala kunja kwa Britain masiku oposa 180 m'miyezi 12 iliyonse. Mu Meyi 2025 boma linatulutsa maganizo oti anthu ambiri azidikira zaka 10 m'malo mwa zisanu, choncho onani lamulo limene likugwira ntchito pa tsiku limene mukupempha. NHS silipira chipatala cha ku Malawi, ndiye gulani inshuwalansi ya paulendo, komanso mutenge mankhwala oteteza ku malungo, chifukwa thupi la munthu amene wakhala nthawi yaitali kopanda udzudzu wa malungo silikhalanso lolimba monga kale.

Munthu akamwalira kuno, ndani amalipira kuti thupi lipite kumudzi?

Amalipira ndi achibale. NHS silipira, IHS sikhudzana ndi maliro, ndipo ofesi ya kazembe wa Malawi ku London imathandiza pa zikalata, osati pa tikiti. Pamafunika chikalata cha imfa, chilolezo chotulutsira thupi m'dziko chochokera kwa coroner (mkulu wofufuza za imfa), umboni woti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, ndi bokosi lomatidwa loyenera m'ndege, ndipo popeza palibe ndege yolunjika ku Malawi, thupi limadutsira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Zonse pamodzi zimafika mapaundi masauzande angapo.

Pa maliro apitawa pamveka mawu owawa akuti komiti inataya anamfedwa. Chipepeso chimene timasonkherana si inshuwalansi, palibe amene anasainira kuchuluka kwake, ndipo chimachepa maliro akatsatizana. Amene akufuna kukaikidwa kwawo agule inshuwalansi ya moyo kapena ya maliro, awerenge ngati ikutchula zotumiza thupi kunja ndiponso nthawi yodikira isanayambe kulipira, chifukwa zina sizilipira ndalama zonse munthu akamwalira ndi matenda m'chaka choyamba kapena chachiwiri. Funsaninso kuntchito kwanu ngati penshoni yanu ili ndi ndalama yoperekedwa munthu akamwalira ali pa ntchito, monga zilili ndi penshoni ya NHS, ndipo mulembe pa fomu yake dzina la amene adzalandire.