Malasha a lignite ali ngati nkhuni zaziwisi, musanamizidwe ndi mtengo wake

Ndagwira ntchito ya maboyila m'fakitale ya tiyi kuno ku Thyolo zaka zambirimbiri, ndipo mnyamata aliyense watsopano chinthu choyamba chomwe amaphunzira nchakuti bulugama wosauma sakweza sitimu. Umaponya nkhuni, umaponyanso, geji ili phee, tiyi akudikira kuuma, kapitawo wayamba kale kukuyang'ana. Amayi athu pa mafuwa amazidziwa zimenezi popanda sukulu, nkhuni yaiwisi imalira tsiii, thovu kutuluka kunsonga, nsima osapsa.

Ndiye wina atandifunsa mu minibasi pa Bvumbwe kuti malasha a lignite amene amawamva pa nkhani zakunja ndi chani, ndinangomuuza kuti ndi nkhuni zaziwisi za pansi pa nthaka basi.

Choyamba tisasokoneze, makala ndi aja amaotchedwa kuchokera ku mitengo, malasha amakumbidwa. Malasha ndi zomera zakalekale zomwe zinakwiririka nkupsinjika kwa zaka mamiliyoni, ndipo akamakhalitsa pansi madzi amafinyika, kaboni, yemwe ndiye amayaka, nkumachuluka, nkuda bii nkulimba. Lignite ndi amene sanakhwime, ndi abulawuni, amafumbutuka m'manja, ena mpaka umaona mizere ya mtengo. Kaboni wake amangokhala 25 mpaka 35 pa 100, pomwe madzi mwa ena amafika theka la kulemera kwake kapena kuposa. Tangoganizani, lole yadzadza koma theka mwanyamula madzi! Nchifukwa chake sawapititsa kutali, siteshoni ya magetsi amaimanga pompo pafupi ndi mgodi, lamba nkumakoka malasha kulowetsa mu ng'anjo usana ndi usiku.

Apa mpamene anthu ambiri amasochera. Kaboni akamapsa amagwirana ndi okosijeni wa mumlengalenga, makilo 12 a kaboni amatulutsa makilo 44 a mpweya wa carbon dioxide, womwe umatenthetsa dziko, kutanthauza kuti kilo imodzi imabala pafupifupi makilo 3.7. Tsono poti lignite kaboni wake ngochepa, tani imodzi yake imatulutsadi mpweya wochepa kusiyana ndi tani ya malasha okhwima, ndipo munthu wofuna kukugulitsani akhoza kukuuzani zimenezo osanama ngakhale pang'ono. Koma inu simufuna matani, mukufuna magetsi. Moto uja usanayambe kuwiritsa madzi a mu boyila umayamba waumitsa kaye madzi a m'malasha momwemo, kutentha konseko kumathawira ku chumuni, ndiye kuti mupeze magetsi omwewo mumaotcha mulu waukulu zedi.

Tiwerengere pa yuniti ija timagula ya ESCOM. Yuniti imodzi yopangidwa ndi lignite imasiya mpweya wokwana kilo imodzi kapena kupitirira pang'ono, gasi amasiya osafika ndi theka lomwe, pomwe madzi a mu Shire pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira saotcha chilichonse. Nyumba yomwe imatha mayuniti 100 pa mwezi ikanakhala pa lignite bwenzi ikuponya mumlengalenga kulemera kwa matumba awiri a chimanga a makilo 50, mwezi uliwonse, nyumba imodzi yokha.

Azungu amene amawaotcha kwambiri akudziwa bwino. Germany inakhazikitsa lamulo loti isiye malasha pofika 2038, komabe mu Januwale 2023 apolisi anachotsa anthu pa mudzi wa Lützerath kuti mgodi wa lignite ukule. Ku Poland siteshoni ya Bełchatów, yomwe imaotcha lignite, ndi imene imatulutsa mpweyawu kuposa ina iliyonse mu European Union. Amakakamira chifukwa malashawo ali pafupi, sakhala akuya, ngotchipa, komanso anthu ambiri amadyera momwemo, izi ine ndimazimvetsa, ntchito ndi ntchito.

Athu a ku Mchenga ku Rumphi si lignite, ngokhwimirako, chimodzimodzi a ku Moatize ku Mozambique omwe ankakambidwa pa pulani ya siteshoni ya Kam'mwamba ku Neno. Koma mpweyawu suona malire a dziko, ukakwera umakhala zaka mazanamazana ukusunga kutentha ngati bulangete, nyanja nkumatentha, mitambo nkumasenza madzi ochuluka. Sindinganene kuti namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 anabwera chifukwa cha chumuni chakutichakuti ayi, sayansi siyenda choncho, koma amene anaona miyala ikutsika m'phiri ku Mulanje ndi Phalombe akudziwa chomwe mvula yonyanya imachita.

China chomwe chimandisowetsa mtendere, anthu akaona chumuni chosatulutsa utsi wakuda amati fakitale ndiyaukhondo. Masefa amagwira phulusa, makina ena amachotsa salifa, zoona, koma carbon dioxide alibe mtundu alibe fungo, amangodutsa yense. Zoyera zija zimatuluka pa nsanja zikuluzikulu m'zithunzi za ku Germany ndi nthunzi ya madzi chabe, mpweya tikunenawu pa chithunzi simungauone.