Bwanji timamumvera chisoni Okonkwo?

Pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa nkhani zopeka, pali funso lomwe silisowa: "Aphunzitsi, munthu wankhanza chonchi, bwanji ndikumumvera chisoni?" Ofunsawo amakhala atangomaliza Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe wa ku Nigeria lomwe linatuluka mu 1958. Ena amafunsa motsitsa mawu, ngati apalamula.

Sanapalamule ayi. Okonkwo, mwini nkhani m'bukuli, ndi wankhanza ndithu. Amamenya akazi ake, ndipo Ikemefuna, mnyamata yemwe anakhala pakhomo pake zaka zitatu n'kumamutchula kuti bambo, anamutema ndi chikwanje iye mwini. Koma Achebe satibisira kumene nkhanzazo zinachokera. Bambo ake, Unoka, anali munthu wachitoliro, waulesi kumunda, ndipo anamwalira ali ndi ngongole zambirimbiri. Okonkwo anakula ndi mantha aakulu oti anthu angamufanizire ndi bambo akewo. Mkulu Ezeudu anali atamuchenjeza kuti dzanja lake lisakhudze imfa ya mwanayo, koma chikwanje anachikweza poopa kutchedwa wofooka. Atatero anakhala masiku awiri osadya. Apa ndi pamene mtima wa wowerenga umasweka: ife tikuliona bala lomwe mwini wake sakuliona, koma tilibe njira yomugwira mkono.

Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece, anazifotokoza zimenezi zaka zoposa 2,300 zapitazo. Iye anati sewero lachisoni limadzutsa zinthu ziwiri, chifundo ndi mantha. Chifundo chimabwera chifukwa tsokalo laposa cholakwacho, mantha chifukwa wogwayo ndi munthu ngati ife tomwe. Anaonanso kuti mfiti yeniyeni ikagwa sitilira. Amatiliritsa ndi munthu wapakatikati, wogwa chifukwa cha kulakwa kwake. Kupepukidwa komwe kumadza pambuyo pake anakutcha catharsis, ine ndimangoti kutsuka mtima. Amene anagonapo kusiwa akudziwa: ambiri olira pamaliro a mnzawo amakhala akuliranso awo omwe anawaika kalekale. Buku limatipatsa malo otere, ndipo n'chifukwa chake sindigwirizana ndi makolo oletsa ana nkhani zotha moipa.

Komabe si aliyense amene amatsukidwa mtima. Okonkwo amathera podzimangirira pamtengo, ndipo mwa mwambo wa kwawo ku Umuofia abale ake sangaukhudze mtembowo, amachita kupempha alendo kuti autsitse. Ngati kwanu kunagwa zovuta zotere, masamba omalizawa atha kutukula chilonda m'malo mochipoletsa. Mukaona kuti tulo tasowa masiku angapo, kapena maganizo a imfa akukuzungulirani, litsekeni bukulo, mukambirane ndi munthu amene mumamudalira kapena mlangizi kuchipatala. Ophunzira anga ndimawauza za mathero amenewa tisanafike pamutu womaliza, ndipo amene akufuna kutuluka panja ndimamulola.