Mafunso ndi mayankho: chiponde cha ku sikelo ndi mwana wokana kudya

Miyezi ino chakudya chachepa m'makomo, mzere wa ku sikelo watalika, ndipo madandaulo ofika ku ofesi yathu yoona za kadyedwe ka ana achuluka. Ambiri ndi a makolo amene abwerera opanda chiponde pamene mwana wawo ndi woonda komanso amavuta kudya. Ena akuti timakondera. Tayankha pano mafunso amene timamva kawirikawiri pakhomo la chipinda choyezera.

Kodi chiponde cha kuchipatala n'chiyani?

Ndi mtedza wopera wosakaniza ndi mkaka wa ufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere ina, mu paketi ya magalamu 92. Chimaperekedwa ngati mankhwala kwa mwana wonyentchera kwambiri.

Mwana wanga ndi woonda, phala amalavula, nsima amangoitsina. N'chifukwa chiyani mwandibweza?

Ili ndiye funso limene latikanganitsa ndi amayi ambiri, choncho tiliyankha mofatsa. Mlangizi wa zaumoyo saloledwa kulemba mwana pa chiponde chifukwa cha mmene akuonekera m'maso, kapena chifukwa choti mayi wafotokoza kuti sakudya. Pali miyezo imene Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa, ndipo ndi yomweyo m'zipatala zonse za m'dziko muno.

Woyamba ndi kalamba ka mitundu itatu koyezera mkono, kamene achipatala amati MUAC. Kwa mwana wa miyezi 6 mpaka 59, kakaonetsa pofiira, kutanthauza kuti mkono sunafike masentimita 11.5, mwanayo ndi wonyentchera kwambiri. Pachikasu ndi kuyambira 11.5 koma osafika 12.5. Pobiriwira ndi 12.5 kupita m'mwamba. Wachiwiri ndi kudina pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi 3. Pakatsala kadzenje mbali zonse, ndiye kuti mwana watupikana, ndipo amalembedwa ngakhale kalamba kataonetsa pobiriwira. Wachitatu ndi kuyerekeza kulemera kwa mwana ndi kutalika kwake pa tchati.

Mwana akagwa pa umodzi mwa miyezo imeneyi, timamupatsa chiponde pang'ono pomwepo kuti tione ngati angadye. Akadya ndipo alibe matenda ena aakulu, amalandira za kunyumba n'kumabwera pa masiku amene mwauzidwa, kawirikawiri sabata iliyonse. Akakana, kapena akakhala kuti watupa thupi lonse, akubanika kapena wafooka, sitimupatsa za kunyumba. Amagonekedwa ku chipinda cha ana onyentchera, kumene amayamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75.

Tsono ana ambiri amene makolo amabwera nawo kuti "sakudya" amapezeka pobiriwira. Sitikunena kuti mayi akunama, ayi. Mwana amakula mothamanga m'chaka choyamba, kufika pafupifupi katatu kulemera kumene anabadwa nako. M'chaka chachiwiri amangowonjezera makilogalamu awiri kapena atatu, ndipo chilakolako cha chakudya chimatsika nthawi yomweyo imene wayamba kuyenda ndi kuchita makani. Masaya aukhanda aja amaphwa, mwana n'kuoneka ngati waonda. Chimene ife timayang'ana ndi mzere wa m'kabuku ka ku sikelo. Ukamakwera mwezi ndi mwezi, ngakhale pang'onopang'ono, nthawi zambiri palibe choopsa. Ukaima kwa miyezi iwiri kapena ukatsika, pamenepo m'pofunika kuti dokotala amuone, ngakhale chiponde sichimukhudza.

Tivomereze kuti mwana wa masentimita 11.6 sasiyana kwenikweni ndi wa 11.4, ndipo mayi wa woyambayo akapsa mtima timamumvetsa. Ngati mukukayika mmene wayezedwera, muli ndi ufulu wopempha kuti amuyezenso inu mukuona nambala.

Nanga bwanji mwana wa aneba anga, wonenepa bwinobwino, akulandira?

Sitingakambe za mwana wa munthu wina. Koma pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu. Mwana amene analembedwa ali pofiira sachotsedwa tsiku limene wayamba kuoneka bwino; amapitiriza mpaka mkono ufike 12.5 ndipo akhale choncho pa maulendo otsatizana. Chachiwiri, mwana wotupikana amaoneka wonenepa, pamene ndi madzi okhaokha. Tsitsi limafiira n'kumathothoka, khungu limasupuka, mwana amangoti ndwii. Kumudzi ena amati ndi tsempho, n'kuyamba kufunsana za khalidwe la bambo ndi mayi. Sititsutsana ndi agogo pa za miyambo, koma masiku amene amatha pokambirana zimenezo ndi amene mwana amafunika kukhala ali m'chipatala.

Mwana wanga ali pachikasu. Kale munkapereka Likuni Phala, lero bwanji?

Ndondomeko imati mwana wa pachikasu azilandira chakudya chowonjezera, monga ufa wa chimanga ndi soya wothiramo mavitamini. Kunena zoona, ufa umenewu umadalira kwambiri thandizo la mabungwe monga World Food Programme, ndipo sumakhalapo nthawi zonse kapena m'maboma onse. Ukakhalapo timapereka. Ukasowa, mwanayo timamulemba, timamuyeza pafupipafupi, timalangiza za kunyumba, ndipo akatsikira pofiira amalowa pa chiponde tsiku lomwelo. Tikudziwa kuti yankho ili silikhutitsa munthu.

Kodi pali kulipira?

Ayi. Kuyeza, chiponde ndi mankhwala operekedwa limodzi nacho, monga amoxicillin, zonse ndi zaulere pa chipatala cha boma. Palibe ya kalembera, palibe ya fanta.

Tamva mphekesera zoti ena amauzidwa kuti apereke kangachepe kuti mwana alembedwe, komanso zoti mapaketi akupezeka pa msika. Pa zoyambazo, ofesi singachitepo kanthu pa nkhani ya "akuti". Ngati zakuchitikirani, kanenani kwa mkulu wa chipatala, ku komiti ya chipatala ya m'dera lanu, kapena kwa ombudsman, wolandira madandaulo pachipatala, kumene aliko, mutchule tsiku ndi malo. Mwana wanu sadzachotsedwa chifukwa mwadandaula. Pa za msika, sitikana kuti zimachitika, ndipo sitinganene kuti paketi iliyonse inachokera kwa makolo. Koma wogula naye adziwe kuti paketi imene wagulira mwana wake wa pobiriwira inawerengedwera mwana wina wa pofiira.

Ndiye ndikatani naye kunyumba, popeza mwandibweza?

Mimba ya mwana ndi yaing'ono, choncho nkhani yagona pa zimene zili mu supuni iliyonse, osati kukula kwa mbale. Phala la madzimadzi la ufa woyera limadzaza mimba popanda kusiya kanthu. Phikani la mgaiwa, lolimbako, loti mukapendeketsa supuni lisayenderere. Thiranimo nsinjiro, supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, ndipo tsiku lina dzira, tsiku lina usipa kapena bonya wosinja, ufa wa soya wokazinga, kapena mkaka. Masamba monga bonongwe, chisoso ndi nkhwani mungawaphike n'kuwapota kuti alowe m'phalamo. Mapeyala, nthochi, mbatata yofiira mkati, maungu ndi futali ndi zabwino pakati pa chakudya.

Timaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ena amatiseka kuti m'mwezi wa Januwale magulu asanu ndi limodzi awapeza kuti. N'zomveka. Koma pa ana amene timaona, chimene chimasowa kwambiri ndi zanyama ndi zamafuta, ndipo bonya wodzaza dzanja limodzi, akasinjidwa, amakwana maphala angapo. Ngumbi nazonso zili m'gulu la zanyama.

Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku. Kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanayi, kuwonjezerapo zakudya zapakati kamodzi kapena kawiri. Bere lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Akhale ndi mbale yakeyake, chifukwa m'mbale ya onse akuluakulu amamaliza ndiwo iye akuumbabe mbamu yoyamba, ndipo inu simungadziwe kuti wadya zochuluka bwanji.

Zonsezo ndimachita, koma amatseka pakamwa.

Yambani mwawerenga zimene walowetsa m'mimba chakudya chisanafike. Tikafunsa bwinobwino timapeza kuti mwana "wosadya" wamwa tiyi m'mawa, wadya majigisi pa golosale, wayamwa filizesi, wamwa zotsekemera za m'botolo. Nthawi ya nsima ikamakwana amakhala atakhuta zopanda pake. Tiyi amalepheretsanso thupi kutenga bwino ayironi wa m'chakudya. Madzi ambiri amwe akatha kudya, osati asanadye.

Musamugoneke pamiyendo n'kumutsina mphuno kuti ameze. Tikudziwa kuti ambiri tinaleredwa choncho, koma phala likhoza kulowa m'mapapo, ndipo mwana amayamba kuopa supuni. Khalani naye pansi, mudye naye, mumulole agwire yekha ngakhale adzipake. Ikani pang'ono, akamaliza muwonjezere. Akakana, chotsani mbale patapita mphindi 20 kapena 30 osakalipa, osamupatsa bisiketi m'malo mwake, mudikire nthawi yotsatira. Chakudya chatsopano mwana akhoza kuchikana maulendo khumi asanachilandire. Abambo nawonso azidyetsako. Ana ena amachitira makani mayi okha.

Mwana amene ankadya bwino n'kusiya mwadzidzidzi ndi nkhani ina. Pamenepo timaganizira malungo, zilonda za m'kamwa, njoka za m'mimba, kuchepa kwa magazi, chifuwa chachikulu kapena HIV. N'chifukwa chake timapempha kuyeza magazi, ndipo pasakhale kukhumudwa tikatero, timapempha aliyense. Onaninso m'kabuku ngati analandira vitamini A, amene amaperekedwa miyezi 6 iliyonse, ndi mankhwala a njoka, amene amayamba mwana akakwana chaka.

Ndingamugulire mankhwala opatsa chilakolako cha chakudya?

Sitilimbikitsa. Ambiri ogulitsidwa pa msika amagonetsa mwana, ena ndi oopsa, ndipo amabisa matenda amene akanapezeka msanga.

Kodi ndondomeko imeneyi imathandizadi?

Kwambiri. Kale mwana wonyentchera ankagonekedwa kwa masabata, mayi n'kusiya munda ndi ana ena. Njira yochizira kunyumba inayesedwa ku Dowa mu 2002, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko oyambirira kuitenga. Chiponde china chimapangidwa konkuno, monga cha Project Peanut Butter ku Blantyre. Koma chiponde si yankho la kupinimbira. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, pamene oonda mopitirira muyezo anali 3 pa 100. Vuto la ana ambiri tsono ndi kadyedwe ka tsiku ndi tsiku kuyambira mayi ali woyembekezera, ndipo limenelo paketi singalithetse.

Mwana wosakwana miyezi 6?

Salandira chiponde. Ayamwe mwakathithi, ndipo ngati sakukwera sikelo bwerani naye tione mmene akuyamwira.

Ana ena akulirira chiponde cha mnzawo. Ndiwamane?

Inde, ngakhale n'zowawa. Mapaketi amawerengedwa molingana ndi kulemera kwa mwana wodwalayo, ndipo akagawana sachira pa nthawi yake. Osachithira m'phala, osachisungunula ndi madzi. Ayambe wayamwa, adye chiponde pang'onopang'ono, amwe madzi aukhondo. Tikakupemphani kubweza mapaketi otha, si kuti takuyesani akuba, nafenso amatiwerengera.

Ndinayenda mtunda wautali n'kuuzidwa kuti chiponde chatha. Mukuti bwanji pamenepo?

Zimachitika, ndipo sitingalonjeze kuti sizidzachitikanso. Chiponde sitigula ndife. Timaitanitsa kudzera ku ofesi ya zaumoyo ya boma lathu, ndipo nthawi ya dzinja ana amachuluka, misewu imadukanso. Tikaona kuti chikutha timauza alangizi kuti adziwitse midzi yawo, koma uthenga sufika ponseponse. Ngakhale mutamva kuti chatha, bwerani naye mwana pa tsiku lake kuti ayezedwe, chifukwa wojomba maulendo angapo motsatizana amalembedwa kuti wasiya, ndipo akhoza kutsika inu osazindikira. Akayamba kutupa, kusanza chilichonse, kukomoka, kutsegula m'mimba kosaleka kapena kukana bere, musadikire tsiku la sikelo. Bwerani naye nthawi yomweyo, ngakhale usiku.