Kodi mayi angalere popanda chilolezo cha mwamuna wake?

Pa ntchito yanga yophunzitsa anthu malamulo m'midzi, pali funso limene amayi salifunsa pagulu. Amadikira msonkhano uthe, kenako mmodzi amandikokera pambali n'kunong'ona kuti: "Kodi ndingakabayitse jakisoni wolera bambo a kunyumba asakudziwa?" Lamulo limavomera. Gender Equality Act ya 2013, lomwe ndi lamulo la dziko la Malawi loona za kusasiyanitsa pakati pa amayi ndi abambo, imalamula ogwira ntchito zachipatala kupereka njira zolerera kwa aliyense wozifuna, kaya ali pabanja kaya ayi, kaya wabwera ndi mwamuna wake kaya ali yekha.

Mfundo imeneyi inamenyeredwa nkhondo kwa zaka zambiri. Amayi ofufuza za jenda anaona kuti malamulo a ufulu wachibadwidwe ankateteza munthu ku nkhanza za boma, za apolisi ndi za kundende, koma ankathera pakhomo la nyumba, chikhalirecho amayi ambiri amalandidwa ufulu kuchipinda. Mkazi amene sangakane kugonana, kapena amene amamenyedwa akangotchula kondomu, sangadziteteze ku HIV, sangapumitse thupi lake pakati pa mimba ndi mimba, ndipo sukulu kapena geni yake imaima nthawi imene wina wafuna. Maganizo amenewa anamveka pa msonkhano wa bungwe la United Nations wokambirana za chiwerengero cha anthu ndi chitukuko ku Cairo mu 1994, ndipo ku Beijing mu 1995 maiko anagwirizana kuti kusankha momasuka pa nkhani zogonana ndi gawo la ufulu wa amayi.

Ena amati zimenezi n'zachizungu, koma ine sindivomereza. Pangano la Maputo la 2003, lokhudza ufulu wa amayi, limene Malawi analivomereza mu 2005, ndi la maiko a mu Africa, ndipo ndime 14 imapatsa mayi ufulu wosankha kubereka kapena ayi, chiwerengero cha ana ndi njira yolerera. Ngakhale agogo athu ankamanga mkuzi m'chiuno pofuna kuti mwana ayambe wakula.

Lamulo silikuletsa banja kukambirana, ndipo kumene kuli kumvana ndimalimbikitsa kuti apitire limodzi kuchipatala. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti amayi ambiri amene ndacheza nawo amasankha jakisoni wa miyezi itatu chifukwa chakuti saoneka, osati chifukwa ndiye woyanjana ndi thupi lawo. Mayi wina anandiuza kuti buku lake la kuchipatala amalisungitsa kwa mnzake woyandikana naye nyumba, ndipo tsiku la jakisoni likakwana amatsanzika kuti akupita kusikelo ya mwana.