Taiqing Gong: Momwe Wosunga Mabuku Anasandukira Kholo la Mafumu

Ndikamaphunzitsa mbiri ya zipembedzo, ophunzira amakonda kundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti Laozi, munthu wolalikira kudzichepetsa, amangiridwe akachisi aakulu chonchi. Yankho ndimalipeza ku Luyi, m'chigawo cha Henan ku China, kumene kuli kachisi wa Chitao (chipembedzo chotsatira ziphunzitso za Laozi) wotchedwa Taiqing Gong.

Wolemba mbiri wakale, Sima Qian, analemba kuti Laozi dzina lake lenileni linali Li Er, kwawo kunali kuderali, ndipo ankasunga mabuku kunyumba yachifumu ya Zhou. Buku limene amati ndi lake, Dao De Jing, ndi lalifupi: mitu 81, zilembo pafupifupi 5,000. Limayamikira madzi, chifukwa amathandiza chilichonse koma amakakhala kumalo otsika kumene anthu sakufuna.

Kachisi woyamba anamangidwa m'chaka cha 165, Mfumu Huan ya ufumu wa Han ikulamulira. Komabe chimene chinakweza malowa ndi mfunda. Mafumu a Tang, amene anayamba kulamulira mu 618, nawonso anali a mfunda wa Li, choncho ananena kuti Laozi ndi kholo lawo. Banja longolowa kumene pampando limafuna muzu wakuya, ndipo panalibe muzu wolemekezeka kuposa umenewu. Mu 666 Mfumu Gaozong, iyo mwini, inapita kukapereka nsembe n'kumupatsa Laozi dzina laufumu. Dzina lakuti Taiqing Gong linabwera mu 743, nthawi ya Mfumu Xuanzong.

Ena akamva izi amati zonsezo zinali ndale basi. Ine sindivomereza. Mafumuwo anapita kalekale, nyumba zambiri zakale zinagwa n'kumangidwanso, koma anthu wamba sanasiye kubwera. Pa tsiku la 15 la mwezi wachiwiri wa kalendala yoyendera mwezi, lomwe amati ndi tsiku lobadwa Laozi, bwalo limadzaza. Munthu amayatsa timitengo titatu ta lubani, n'kutizika m'phulusa la mumphika waukulu, kenako amafumbata dzanja lamanja, n'kuliphimba ndi lamanzere, n'kuwerama.

Chimene chimandikhudza kwambiri chili kumbuyo. Mukadutsa kachisi wamkuluyo mumapeza wina, Dongxiao Gong, womangidwa polemekeza mayi ake a Laozi. Ife amene timawerenga mtundu kuchokera kuchikazi sitingadabwe nazo, koma ku China wakale, kumene mtundu unkatsata bambo, mayi ameneyu anapatsidwa bwalo lakelake.