Ndalama za boma m'midzi yakutali ya eni nthaka ku Canada: zimadzera kuti, zimatsakamira pati

Kumpoto kwa zigawo za Ontario ndi Manitoba ku Canada kuli midzi ya eni nthaka (mitundu ya anthu omwe analipo azungu asanafike), monga Attawapiskat, Sandy Lake ndi Shamattawa, yomwe ilibe msewu wodutsika chaka chonse. Anthu amafikako pa ndege. Malole amalowako masabata ochepa chabe, kawirikawiri pakati pa Januwale ndi Malichi, nyanja ndi madambo zikaundana n'kusanduka msewu. Boma lalikulu la Canada, la ku likulu ku Ottawa, limatumiza ndalama za sukulu, za ntchito za ophunzira ndi za nyumba, koma zambiri sizipita m'manja mwa munthu mwachindunji. Zimadzera ku ofesi ya mfumu ndi khonsolo ya mudziwo, ndipo amene sakudziwa zimenezi amagogoda khomo lolakwika mpaka nthawi yofunsira itatha.

Za sukulu za ana n'zosavuta kufotokoza. Kuyambira 1996, kwa zaka pafupifupi 20, ndalama za mapologalamu a eni nthaka zinkakwera ndi 2 peresenti yokha pachaka pamene ana ankachuluka mofulumira kuposa pamenepo. Mu Epulo 2019 njira yowerengera inasintha: sukulu ya m'mudzi iyenera kulandira zofanana ndi sukulu za boma la chigawo, kuwonjezapo madola a ku Canada 1,500 pa mwana aliyense pachaka ophunzitsira chilankhulo ndi chikhalidwe. Vuto lomwe latsala n'lakuti midzi yambiri ilibe sekondale yofika kumapeto, kotero ana a zaka 14 kapena 15 amakakhala m'nyumba za anthu ena m'matauni a Thunder Bay kapena Sioux Lookout, kutali kwambiri ndi makolo.

Wopita ku koleji kapena ku yunivesite amathandizidwa ndi Post-Secondary Student Support Program, yomwe imalipira fizi, mabuku, ulendo ndi alawansi ya chakudya ndi lendi. Ayenera kukhala wolembedwa m'kaundula wa lamulo la Indian Act, lomwe limayendetsa nkhani za eni nthaka. Fomu amaitenga ku ofesi ya maphunziro ya mudzi wake, n'kuibweza pamodzi ndi kalata yomulandira ku koleji komanso zotsatira za mayeso. Tsiku lomaliza amaika ndi mudziwo, ndipo midzi imasiyana. Anthu ambiri a ku Canada komweko amaganiza kuti mwana aliyense wa eni nthaka amaphunzira ulere. Si zoona. Thumba la mudzi lili ndi malire, ndipo likachepa khonsolo imayamba ndi omwe ali kale pasukulu, ena n'kudikira chaka chamawa. Wosiya maphunziro pakati pa teremu osadziwitsa ofesi akhoza kuuzidwa kuti abweze ndalama.

Ntchito za patchuthi zili pansi pa First Nations and Inuit Youth Employment Strategy, ya achinyamata a zaka 15 mpaka 30. Pano wolemba ntchito ndiye amafunsira ndalama, wophunzira amangofunsira malo. Bungwe losachita malonda likhoza kubwezeredwa malipiro onse, pamene kampani imabwezeredwa theka. Wophunzirayo akhale woti anali pasukulu chaka chathachi ndipo abwererako. M'mudzi momwe olemba ntchito ndi khonsolo, chipatala chaching'ono, sukulu ndi sitolo imodzi, malo amatha msanga. Chimene chingagwetse wophunzira n'chaching'ono: kusowa nambala ya boma yogwirira ntchito, yomwe popanda iyo dzina sililowa pa mndandanda wa malipiro.

Pa nyumba ndi pamene pali mfundo yolimba. Malo a midzi imeneyi, mwa lamulo, ali m'dzina la boma, lomwe limawasungira mudzi wonse. Munthu akhoza kukhala ndi chikalata chomupatsa ufulu pa puloti yake, koma sangaigulitse kwa wakunja kwa mudziwo. Gawo 89 la Indian Act limaletsa banki kulanda katundu wa eni nthaka amene ali pa malowa. Lamuloli limateteza, komanso lomwelo limatseka khomo la ngongole, chifukwa banki sikongoza popanda chikole. Amene anayesapo kukongola ndalama ndi munda wa makolo wopanda mapepala ku Malawi sakufunika kumufotokozera kawiri.

Njira yozungulira ili motere. Wofuna kumanga amapita ku khonsolo. Khonsolo ikaona kuti amalandira ndalama mwezi ndi mwezi ndipo alibe ngongole ya lendi, imalemba chigamulo chomuikira kumbuyo. Chigamulocho chimapita kwa nduna yoona za eni nthaka, yomwe imatsimikizira banki kuti idzalipira ngati wokongolayo alephera. Akalepheradi, nduna imalipira banki, kenako imadula ndalamazo ku thumba la mudzi. Ndiye kuti ngongole ya munthu mmodzi ikhoza kudya ndalama za anthu onse, ndipo khonsolo ikakana wina si nthawi zonse pamene ndi nkhanza. Mu 2008 boma linaika madola 300 miliyoni mu First Nations Market Housing Fund, thumba lotsimikizira ngongole za nyumba, likuyembekezera nyumba 25,000 m'zaka khumi. Zomwe zinamangidwa n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengerocho, ndipo n'zosadabwitsa: kumene ntchito zokhazikika zili zowerengeka, chitsimikizo cha ngongole sichipatsa munthu malipiro obwezera.

Ngakhale ngongole itavomerezedwa, pali kalendala. Matabwa, malata, simenti ndi mawindo ziyenera kugulidwa Disembala asanathe kuti zikwere malole msewu wa madzi oundana ukatseguka. Chivomerezo chikatuluka mu Epulo, msewu wasungunuka. Mwini nyumba adikire chaka china kapena alipire ndege, zomwe zimakweza mtengo kwambiri. Katundu wofika mu Febuluwale amakhala panja mpaka nthaka itafewa, ndipo matabwa akanyowa n'kutsekeredwa m'khoma osauma, nkhungu imayamba nyumba isanathe n'komwe. N'chifukwa chake amisiri odziwa kumeneko amaika pa bajeti kontena kapena shedi yosungiramo katundu, ndiponso makina otulutsa mpweya wachinyezi, chifukwa m'nyumba ya zipinda zitatu yogona anthu khumi, mawindo ali chitsekere miyezi yonse yozizira, chinyezi chilibe kothawira.