Katemera ndi ubongo wa mwana: zoti mudziwe mukachoka kusikelo

Mwana akakomoka patangopita masiku ochepa chibayitsireni katemera, anthu pakhomo amathamangira kunena kuti ndi jakisoni uja. Nthawi zina katemerayo amakhaladi ndi mbali yake. Koma kawirikawiri amakhala malungo kapena matenda oumitsa khosi amene angokumanizana ndi sabata ya kusikelo. Adokotala akamafufuza amayamba ndi mafunso awiri: mwana analandira katemera uti, nanga vuto layamba patapita masiku angati? Mayankho ake ali m'buku la kusikelo, choncho musalisiye kunyumba.

Akatemera ndi osiyana

Ena amapangidwa ndi tizilombo tamoyo koma tofooketsedwa. M'gulu limeneli muli BCG wa pamkono uja amasiya chipsera, madontho a poliyo, madontho a rota oteteza kutsekula m'mimba, ndi katemera wa chikuku amene mwana amalandira pa miyezi 9 ndi 15. Tizilombo timeneti timayamba taswana pang'ono m'thupi kuti chitetezo chidzuke, n'chifukwa chake zotsatira zake zimachedwa kuoneka. Mwana amene chitetezo chake chatsika kwambiri, monga wodwala khansa kapena amene HIV yamufooketsa, auzeni azaumoyo asanamupatse katemera wa gulu limeneli.

Ena mulibe chamoyo chilichonse. Ndi tizilombo tophedwa, tizidutswa take, kapena poizoni wake wochotsedwa ululu. Amenewa ndi penta (katemera woteteza ku matenda asanu) wa pa masabata 6, 10 ndi 14, katemera wa chibayo, poliyo wobaya, kafumbata, taifodi, malungo, ndi HPV wa atsikana woteteza khansa ya khomo la chiberekero. Sangayambitse matenda amene akuteteza. Akafuna kutenthetsa thupi amatero tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Panabweranso akatemera a Covid-19 monga AstraZeneca ndi Johnson & Johnson, amene anafika kuno mu 2021. Amenewa amanyamula uthenga wophunzitsa thupi kuzindikira kachilomboko.

Kukomoka chifukwa cha kutentha thupi

Ili ndiye vuto limene makolo ambiri angakumane nalo, ngakhale nalonso silichitikachitika. Ubongo wa mwana wa pakati pa miyezi 6 ndi zaka 5 supirira thupi likatentha mwadzidzidzi. Mwana amauma, maso amatembenuka, manja ndi miyendo zimagwedezeka, ndipo nthawi zambiri zimatha pasanathe mphindi zisanu. Chayambitsa ndi kutenthako, kaya kwabwera ndi chimfine, malungo kapena katemera.

Apa masiku ndi ofunika kuwawerenga bwino. Penta amatenthetsa thupi m'masiku awiri oyamba. Katemera wa chikuku amadikira mpaka pakati pa tsiku la 6 ndi la 12, pamene mayi anaiwala kale za kusikelo, ndipo pa ana pafupifupi 3,000 obayidwa, mmodzi amakomoka motere. Tsono mwana akatentha thupi n'kukomoka mawa lake atangolandira katemera wa chikuku, kaikirani china, osati katemerayo.

Kukomoka kotereku si khunyu, ndipo kukakhala kwa kanthawi kochepa sikuwononga nzeru za mwana. Zikachitika, mugonekeni chammbali pamalo opanda chomupweteka, mumasuleni zovala, ndipo yang'anani nthawi. Musamuike supuni kapena chala mkamwa, musamumwetse madzi, mankhwala azitsamba ngakhale panado asanatsitsimuke, chifukwa angatsamwe. Musamuwambe mapazi pamoto. Akangosiya kugwedezeka nyamukani naye ku chipatala chapafupi, kuno ku Lilongwe kaya ndi kwa Kawale, ku Area 18, ku Area 25 kapena ku Mitundu, ngakhale aoneke kuti wachira. Zikapitirira mphindi zisanu musadikirenso kuti asiye.

Tikulimbikira zopita kuchipatala pa chifukwa chimodzi. Malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi amayambanso chimodzimodzi, ndipo amapha m'maola ochepa. Mayi amene wadzitonthoza kuti "ndi katemera chabe, zitha zokha" akhoza kutaya usiku umene mwana akanayezedwa magazi n'kuyamba mankhwala.

Pambuyo pa penta ana ena ochepa amalira mosatonthozeka kwa maola atatu kapena kuposa, ena amangoti lefu, kutuwa, osayankha kwa kanthawi. N'zoopsa kuziona, koma ana amenewa amachira osatsala ndi chilema. Kanenenibe kuchipatala, ndipo pa ulendo wotsatira wa kusikelo akumbutseni azaumoyo asanabaye. Mwana amene anakomokapo chifukwa cha kutentha thupi amapitiriza akatemera ake. Amene amafunika kuti dokotala aganizire kaye ndi yemwe anadwala mu ubongo, osazindikira kwa nthawi yaitali, m'masiku 7 chilandirireni penta.

Kufa kwa miyendo

Anthu a ku Lilongwe nkhani ya poliyo sitiimvera kutali. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wa zaka zitatu wa mumzinda uno wapezeka ndi poliyo, woyamba m'Malawi chichokereni 1992, ndipo kachilomboko kanafanana ndi ka ku Pakistan. Ndiye chiyambi cha maulendo aja azaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kudonthezera ana.

Zoona zake n'zakuti madontho a poliyo, pokhala amoyo, angathe kupuwalitsa mwana, koma ndi ana ochepa kwambiri pa ana miliyoni olandira. Katemera wa poliyo wobaya wa pa masabata 14 anawonjezedwa kuti, mwa zina, achepetse chiopsezo chimenechi. Poliyo weniweni amapuwalitsa mmodzi pa anthu pafupifupi 200 amene awatenga, ndipo alibe mankhwala.

Mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene mwendo kapena mkono walefuka mwadzidzidzi, kaya wabayitsa posachedwa kaya ayi, apite kuchipatala msanga. Azaumoyo amatenga chimbudzi chake kawiri m'masiku 14 oyamba kuti akachiyeze. Mukayamba mwazungulira kwina, masiku amenewa amatha.

Mwendo ungafenso chifukwa cha malo obaya. M'thako mumadutsa mtsempha waukulu wopita kuphazi, ndipo singano ikaulasa phazi limagwa. N'chifukwa chake makanda amabayidwa pantchafu. Musalole munthu wosaphunzira ntchitoyi kubaya mwana jakisoni wa mtundu uliwonse kunyumba.

Kwa akuluakulu

Pali matenda otchedwa Guillain-Barré, pamene chitetezo cha thupi chimaukira mitsempha yake yomwe. Amayamba ndi dzanzi kumapazi, kufooka kumakwera m'miyendo kwa masiku angapo, ndipo kukafika pachifuwa munthu amalephera kupuma. Kawirikawiri amabwera munthu atadwala m'mimba kapena chimfine. Anaonekapo mwa apo ndi apo pambuyo pa katemera wa chimfine ku America mu 1976, komanso wa Johnson & Johnson. Wodwala wotere malo ake ndi chipatala chachikulu monga Kamuzu Central, ndipo ambiri amachira ngakhale zimatenga miyezi.

Katemera wakale wa chiwewe, wopangidwa ndi ubongo wa nyama, ankatupitsadi ubongo wa anthu ena. Wa masiku ano sapangidwa choncho. Galu akakulumani tsukani bala ndi sopo kwa mphindi 15 n'kupita kukabayitsa, pakuti chiwewe chikayamba kuoneka palibe amachira.

Atsikana ena amagwa pamzere wa HPV kusukulu, wina akagwa mnzake n'kutsatira. Ndi mantha a singano ndi kuima nthawi yaitali, nthawi zina ndi njala. Adye asanapite, abayidwe atakhala pansi, apume mphindi 15.

Za pa WhatsApp zoti katemera wa chikuku amasokoneza mutu wa mwana n'kumuchititsa kusalankhula zinachokera kwa dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, mu 1998. Kafukufuku wake anapezeka wachinyengo, magazini imene inamusindikiza inamuchotsa mu 2010, ndipo iye analandidwa chiphaso. Chikuku chenichenicho ndicho chimatupitsa ubongo wa mwana mmodzi pa 1,000 odwala.

Chilichonse chachilendo chikachitika pambuyo pa katemera, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena namwino wa kumene munabayitsa. Amalemba fomu yonena katemera wake, nambala ya botolo ndi tsiku, ndipo malipoti amenewa amafika ku Unduna wa Zaumoyo ndi ku bungwe loona za mankhwala la PMRA kuti afufuze ngati ana ena obayidwa katemera yemweyo avutikanso. Ngati muli kutali ndi chipatala, imbani 929, Chipatala cha pa Foni, kwaulere, koma mwana wokomoka, wouma khosi, wotupa liwombo kapena wokana kuyamwa imbani muli kale panjira.